Kwagwanji ku Livingstonia?

Kuno kwathu ulendo umayenera kukhala ndi chifukwa, ndipo zifukwa zovomerezeka n’zochepa: maliro, matenda, ukwati, geni, intavyu. Ukauza munthu kuti Loweruka ukunyamuka pa njinga yamoto kupita ku Livingstonia wekhawekha, funso loyamba limakhala lakuti, “Kwagwanji?” Ukayankha kuti sikunagwe kanthu, ukungofuna kukaona, nkhope yake imasintha. Ena amati uli ndi chibwenzi kumeneko. Ena amati wayamba kusuta. Amalume anga anandikokera pambali n’kundifunsa motsitsa mawu ngati ndalowa geni ya miyala, poti ku Mzimba kuno mnyamata akayamba kusowasowa anthu amati watola mgodi.

Funso limeneli mzungu safunsidwa.

Amene simunatsikepo pa Jenda, ndi pamsewu wa M1, mukangotuluka m’boma la Kasungu n’kulowa la Mzimba. Pali roadblock, pali msika wa tomato, anyezi, kabichi ndi mbatata ya kachewere, ndipo Zambia ili panja pomwepa. Aliyense wochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu kudzera kumtunda amaima pamenepa, afune asafune. Nyengo yopanda mvula mumadutsa azungu a njinga zikuluzikulu, zamabokosi achitsulo uku ndi uku, tenti atamanga kumbuyo, fumbi la maiko asanu lili pa jekete. Akaima anthu timaunjikana. Timafunsa kumene achokera, timapukusa mitu, timajambula. Wina amati, “Koma azungu ndi olimba mtima!” Palibe amafunsa kuti kwagwanji ku Cape Town.

Pambali pa mzunguyo pamakhala pataima anyamata a kabaza khumi kapena kuposa, pa ma Lifo ndi ma King Lion awo, akuitanira anthu a ku Embangweni ndi ku Edingeni. Mnyamata mmodzi wa iwowa amayenda mtunda wautali pa chaka kuposa mzungu uja, m’misewu yoipa kuposa ya mzungu uja, atanyamula mayi, mwana, thumba la fetereza ndi nkhuku ziwiri. Amadziwa kuwoloka mchenga osagwa. Amamanga tcheni chodukira pakati pa thengo ndi waya. Koma iye sitimutcha wolimba mtima. Timamutcha wakabaza, ndipo akagwa timati anali kuthamanga.

Ndiye nkhani yanga ndi iyi: m’mitu mwathu tinagwirizana kuti mzungu akakwera njinga yamoto ndi mlendo, Mmalawi akakwera ndi katundu. Katundu sayenda kukaona malo, amatumizidwa. Katundu savala helemeti. Maganizo amene amatifunsitsa kuti kwagwanji ndi omwewo amene amatiseketsa mnzathu akavala zodzitetezera, ndipo ine onse awiri ndatopa nawo.

Chondinyansa kwambiri n’chakuti zimenezi zikunenedwa ku Mzimba. Ku Mzimba! Anthu amene makolo awo anachoka kumwera kwenikweni kwa Africa wapansi, nawoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba, nakafika mpaka ku Ufipa m’dziko la Tanzania, kenako n’kubwerera kudzakhazikika kuno ndi M’mbelwa. Agogo athu aamuna anapita ku Halale ndi ku Joni ndi miyendo, bulangete lili paphewa. Lero lomwe lino palibe mudzi kuno umene ulibe mwana ku Joni. Legson Kayira ananyamuka wapansi kumpoto kuno mu 1958 kufuna sukulu, nakafika ku Khartoum, ndipo buku lake la I Will Try timalitchula monyadira. Kuyenda timakudziwa bwino. Chimene sitinalolepo n’chakuti munthu wakuda ayende popanda chomuthamangitsa. Ulendo wathu uyenera kukhala wa nkhondo, wa njala kapena wa ntchito. Ukakhala wa chisangalalo timauona ngati mwano.

Ine ndili ndi njinga ya 150cc yomwe ndinagula pang’onopang’ono nditayamba ntchito. Yandifikitsa ku Livingstonia, ku Nkhata Bay, ndi ku Lundazi kudzera pachipata cha Mqocha. Anzanga a ku koleji akamva zimenezi amaseka: “Aise, ulendo wautali pa kanjinga ka kabaza?” Awa anawonongeka ndi TV. Mu 2007 Ewan McGregor ndi Charley Boorman anayenda kuchokera ku John o’ Groats ku Scotland mpaka ku Cape Town pa njinga za BMW R1200GS, anadutsa m’Malawi muno, ndipo filimu yawo ya Long Way Down inaphunzitsa dziko lonse kuti ulendo wa njinga umafuna chinjinga cha mtengo wa nyumba. Chimene anthu amaiwala n’chakuti kumbuyo kwawo kunali magalimoto a anthu owathandiza. Patangotha zaka ziwiri, mu 2009, Nathan Millward anachoka ku Sydney mpaka ku London pa Honda CT110, kanjinga konyamulira makalata a positi, kochepa mphamvu kuposa ka mnyamata aliyense wa pa Jenda. Ndipo amene mukuti izi n’zachizungu, mu 2022 Kunle Adeyanju wa ku Nigeria anachoka ku London yekha pa Honda CB500X, nawoloka Sahara, nakafika ku Lagos, akutolera ndalama zolimbana ndi poliyo. Chaka chomwecho poliyo anapezekanso ku Lilongwe, koma nkhani ya mkuluyu kuno sinayende ngati mmene zimayendera za mpira wa ku England.

Kunena zoona, m’misewu yathu kanjinga kakang’ono ndiye mfumu. Kakagwa umakadzutsa wekha. Pulagi, chubu, tcheni, kebulo ya kilatchi, zonse umazipeza pa trading centre iliyonse, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amakadziwa mkati ndi kunja. Chinjinga cha mzungu chikafera pa Kafukule, sipeya amadikira kuchokera ku Johannesburg. Kuchoka pa Jenda kufika ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 150, ndipo yanga imamwa malita osakwana asanu ngakhale nditaisenzetsa. Masiku a mizere ya mafuta amenewa, amene ali ndi thanki yaing’ono ndiye amagona tulo.

Tsono tibwere pa zovala, poti apa ndi pamene magazi anga amawira.

Tsiku lililonse ndikavala helemeti yotseka nkhope yonse, jekete, magolovesi ndi nsapato zofika m’akakolo, pamakhala wina wondikuwiza. “Mzungu wakuda!” “Mukupita kumwezi, bwana?” Wina anandifunsa ngati ndikuopa kufa. Eya, ndikuopa. Ndinaphunzira zaka zinayi ndi ngongole ya boma yomwe sindinamalize kubweza, mayi anga anagulitsa fodya ndi mbuzi kuti mutu uwu ukhale ndi kanthu mkati, ndiye ndikauswere pa phula chifukwa choopa kusekedwa ndi munthu wovala patapata pa njinga?

Phula silifunsa mtundu. Silifunsanso ngati ukupita ku Cape Town kapena kukagula mchere pa gulosale. Kafukufuku wa Cochrane wa 2008, amene bungwe la WHO lakhala likumutchula kwa zaka zambiri, anapeza kuti helemeti imachepetsa ngozi ya imfa ndi pafupifupi 42 pa 100 alionse, ndipo kuvulala mutu ndi 69 pa 100. Lamulo lathu la pamsewu limanenanso kuti woyendetsa ndi wokwera onse avale. Koma taimani pamsewu mphindi khumi muwerenge. Wina helemeti waikoleka pa handulo. Wina waiveka pachigongono. Wina waivala koma lamba ali lendelende, kutanthauza kuti pa ngozi helemeti idzapita kwake, mutu kwake. Wina wavala chipewa cha pulasitiki cha omanga nyumba. Ambiri amaivala akaona yunifolomu patsogolo n’kuivula akangodutsa, ngati kuti amene amaswa mitu ndi apolisi. Amene munalowapo mu wodi ya amuna ya anthu othyoka mafupa m’chipatala chachikulu chilichonse, funsani mabedi angati ali ndi nkhani ya njinga yamoto. Mudzatopa kuwerenga.

Komabe sindingathire mlandu wonse pa anyamata. Yesani kugula helemeti yeniyeni m’dziko muno muone.

Helemeti imagwira ntchito ndi zinthu ziwiri. Kunja kuli chigoba cholimba. Mkati muli chinthu choyera chonga chija amatchingira nacho TV m’katoni, koma chothinana kwambiri. Mutu ukamenya pansi, choyeracho chimaphwanyika m’malo mwa ubongo. Ndiye ntchito yake yonse, ndipo chimaigwira kamodzi kokha. Zambiri zimene zimagulitsidwa m’mashopu a sipeya, ndi zija amapereka ngati mbasela ukagula njinga, mkati mulibe chimenechi. Muli kansalu ndi kasiponji kofewa ngati ka pampando wa minibasi. Ukaifinya ndi manja awiri m’mbali imapindika ngati beseni. Kumbuyo amamatako sitika yolembedwa DOT, dzina la muyezo wa ku America, ndipo sitikayo munthu aliyense wokhala ndi makina osindikizira akhoza kuipanga. Mwini shopu ina ku Lilongwe nditamufunsa kuti helemeti yake inayesedwa kuti, anatsegula diro n’kundionetsa mpukutu wa masitika, n’kundifunsa kuti ndikufuna iti. Sanachite ngakhale manyazi. Kwa iye sitika inali ngati mtundu wa penti.

Chimene ine ndimayang’ana ndi kansalu kosokeredwa pa lamba wa pachibwano, kokhala ndi chilembo E ndi nambala mkati mwa kabwalo. Ndi chizindikiro cha muyezo wa ECE 22, wakale wake 22.05, watsopano 22.06. Nacho akhoza kubera, koma n’chovutirapo kusiyana ndi sitika. Kenako ndimatulutsa nsalu ya mkati kuti ndione choyera chija ndi maso, ndione ngati chili chochindikala ngati zala ziwiri. Kenako ndimaivala, kumanga lamba, n’kuyesa kuivula pokoka kuchokera kumbuyo. Ikavuka, si yanga. Iyenera kufinya masaya pang’ono. Wogulitsa akakana kuti uchite zimenezi, wakuuza kale zonse.

Pa kaunjika ndiye pamafunika mutu wozizira. Jekete ya njinga yeniyeni, yachikopa kapena yansalu yolimba yokhala ndi zotchinga m’zigongono ndi m’mapewa, imapezeka m’mabelo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ukakhala ndi mwayi ndiponso ukalawirira. Yanga ndinaipeza choncho, wogulitsa akuiyesa jekete wamba ya mphepo. Nsapato nazo chimodzimodzi. Koma helemeti ya kaunjika ayi. Sudziwa chifukwa chimene mwini wake ku Ulaya anaitayira. Ikhoza kukhala yonyezimira kunja pamene mkati inagwira kale ntchito yake pamutu wa munthu wina. Yanga ndinachita kutuma msuweni wanga wa ku Joni, nditamuyeza mutu wanga ndi tepi ya telala n’kumutumizira nambala pa WhatsApp. Inadya pafupifupi theka la malipiro anga a mwezi, kwacha itangogwa kumene ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Ndinadya soya pisi mwezi wonse.

Ndiye taganizani: ngati ine wa digiri ndi msuweni ku Joni ndinavutika chonchi, mnyamata amene njinga si yake, amene madzulo alionse amakapereka ndalama kwa bwana, aipeza kuti? Apa mpamene ndimafuna kumva mawu a Malawi Bureau of Standards ndi a Road Traffic. Ngati tingathe kuletsa mapulasitiki opyapyala, tingalephere bwanji kuletsa mabeseni ogulitsidwa ngati helemeti? Wolowetsa njinga m’dziko azilowetsa pamodzi ndi helemeti ziwiri zoyesedwa, ndipo msonkho pa helemeti zoterozo uchotsedwe. Kulanda njinga pamsewu n’kosavuta, kumabweretsa ndalama tsiku lomwelo. Kuima pa chipata cha Songwe, Dedza kapena Mchinji n’kubweza katoni ya zinyalala ndiye ntchito yeniyeni.

Magolovesi anthu amawaiwala. Munthu akamagwa chimayamba kufika pansi ndi chikhatho. Ngakhale achikopa a owotcherera zitsulo ndi abwino kuposa manja ali pamtunda. Ndipo amene sanadutsepo m’Chikangawa m’mawa wa Juni kapena Julayi pa njinga sadziwa kuti Malawi amazizira. Chifunga chimatseka msewu moti galimoto ya matabwa umayamba kuimva usanaione, zala zimauma, buleki umaigwira ngati ndi dzanja la munthu wina. Anyamata a kumeneko amaika nyuzipepala kapena katoni pachifuwa mkati mwa jekete. Musawaseke, zimagwira ntchito, ndipo ine ndinaphunzira kwa iwo.

Pali zinthu ziwiri zimene onditsutsa amanena zomwe ndimazilemekeza.

Choyamba ndi chitetezo. Anthu aphedwa m’dziko muno chifukwa cha njinga yamoto, ndipo aliyense wa kabaza ali ndi nkhani ya mnzake amene ananyamula kasitomala usiku osabweranso. Palinso china chimene mavidiyo a pa YouTube sangakuuzeni. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Mu 2020 zinamvekanso m’maboma ena a pakati ndi kumpoto. Ndiye tayerekezani munthu wosadziwika, wovala zakuda thupi lonse, nkhope yobisika, wakhoma tenti mwakachetechete kuseri kwa mudzi, tochi ili pamphumi. Mzungu amachita zimenezi n’kuzitcha ufulu. Iwe ndi ine tikhoza kudzuka titazingidwa ndi zibonga.

Koma yankho lake lilipo, ndipo ndi lakale kuposa tenti. Kuno thengo lopanda mwini kulibe. Ine ikamakwana folo koloko ndimakhala nditasankha mudzi. Ndimaima patali, kuzimitsa injini, kuvula helemeti kuti nkhope ioneke, n’kuyenda wapansi. “Monile, adada.” Ndimafunsa kwa amfumu. Ndimanena dzina langa, la bambo anga, mudzi wathu ndi mfumu yathu, ndimaonetsa chitupa. Sindinakanizidwepo malo. Vuto limakhala lina: amakana kuti ndigone mu tenti. Mfumu ina cha ku Rumphi inandiyang’ana ine, n’kuyang’ana katenti kanga, n’kunena kuti, “Mwana wanga, mukufuna anthu azinena kuti pamudzi pano tinagoneka mlendo m’thumba?” Tinakambirana mpaka tinagwirizana kuti njinga igone m’nyumba, ine ndikhome tenti pakhonde. M’mawa ndinasiya shuga ndi sopo. Pamene sindikufuna zokambirana ndimapita kumalo olipira, monga ku Luwawa m’nkhalango ya Viphya kapena ku Chitimba m’mphepete mwa nyanja, kumene azungu aja amagonanso. Usiku sindiyenda, zivute zitani. Neti ndimanyamula ngakhale tenti ili ndi yake.

Chachiwiri ndi ndalama. Amati dziko lili pa moto, anthu akugona ndi njala, iwe ukuwotcha petulo kukaona mathithi. Ndimamva. Koma ndimadabwa kuti mawu amenewa sanenedwa kwa munthu amene wamwa malipiro ake Lachisanu limodzi, kapena amene amabetcha mpira sabata iliyonse, kapena komiti ya ukwati imene yatolera mamiliyoni a zokongoletsa holo. Zimenezo tinazivomereza. Ulendo wanga wa masiku anayi ku Livingstonia unadya ndalama zochepa kuposa bridal shower imodzi, ndipo kupatula ya petulo, ndalama iliyonse inatsala m’manja mwa Mmalawi: mayi wa nsima pa Phwezi, mnyamata womata tayala, mlonda, mtsikana wogulitsa nthochi. Akuluakulu amakamba za ntchito zokopa alendo m’mahotela a ku Lilongwe, amazilemba m’mapulani a Malawi 2063, koma mlendo amene ali m’mitu mwawo amatsika ndege pa KIA. Mphunzitsi wa ku Embangweni amene ali ndi njinga ndi tchuthi cha milungu inayi samuwerengera.

Ndipo pali zimene sungazione pawindo la basi. Basi imakutenga pa depoti n’kukakutula pa depoti, pakati ponse uli mtulo kapena pa foni. Pa njinga umamva fungo la paini ukamalowa m’Chikangawa, ndipo umaona ndi maso ako mapiri ometedwa mpala pamene panali nkhalango yomwe tinkaphunzira ku pulayimale kuti ndi imodzi mwa zazikulu zobzalidwa ndi anthu mu Africa. Umamva mphepo ikusintha kuchoka kozizira kupita kotentha ukamatsika Chiweta, nyanja n’kutseguka patsogolo pako mwadzidzidzi. Kuchoka pa Chitimba kukwera msewu wa Gorodi, makona 20 opindika ngati ndowe, giya wani, miyala ikugubuduka pansi pa tayala, umamvetsa misala ya Robert Laws amene anakaika mishoni pamwamba pamenepo mu 1894. Pa mathithi a Manchewe anandionetsa phanga kuseri kwa madzi kumene amati Aphoka ankabisala nthawi ya nkhondo. Ena mwa amene ankawathawawo anali makolo anga. Ndinaphunzira mbiri imeneyi m’kalasi n’kukhoza mayeso, koma sinandikhudzepo mpaka nditaima m’phanga muja, Mngoni, madzi akundithovokera kumaso.

Atsikana, ndikudziwa kuti kwa inu mafunso amachuluka kawiri. Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi aakazi akuyendetsa kale njinga m’midzi yonse ya boma lino tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amadabwa chifukwa ndi ntchito. Tsiku limene mmodzi wa iwo adzamange tenti kumbuyo n’kunena kuti akupita kukaona nyanja, mudzamve mmene mudzi udzayankhulire. Mchemwali wanga wayamba kale kubwereka yanga Lamlungu masana, ndipo helemeti yake ikubwera ndi basi ya ku Joni mwezi wamawa.

Mu Ogasiti ndikupita ku Hora ku Umthetho. Ukatha sindibwerera pa M1. Ndidzera ku Euthini ndi ku Mpherembe mpaka ku Rumphi, msewu umene andale akhala akuulonjeza phula kuyambira ndili mwana, ndikaone ndekha pamene malonjezowo anathera. Laisensi ili bwino, inshuwalansi ndalipira, chubu chapadera ndi pampu zilipo. Chimene sindinachipezebe ndi buluku lokhala ndi zotchinga m’mawondo. Ndafufuza m’mabelo a ku Mzuzu kawiri konse osalipeza. Amene muli ndi m’bale wochokera ku Joni mu Julayi ndipo chikwama chake chili ndi malo, saizi yanga ndi 32.